Kaseweredwe ka Texas Hold'em: makadi awiri m'manja, asanu patebulo

Texas Hold'em ndi mtundu wa poker, masewera a makadi obetcherana, umene munthu aliyense amalandira makadi awiri obisa, kenaka makadi asanu amayalidwa pakati patebulo kuti onse awagwiritse ntchito. Mukaphatikiza awiri anu ndi asanu a pakatiwo muli ndi makadi 7, ndipo pa 7 amenewo mumasankhapo asanu amene akugwirizana bwino kuposa ena. Amene asanu ake aposa a anzake ndiye amatenga poto, kutanthauza zonse zimene zabetchedwa pa ulendowo. Makadi a pakatiwa ali ngati ndiwo za m'mbale imodzi: mukasunsa inu, mnzanu nayenso asunsa momwemo. Anthu ambiri ophunzira kumene amaluza chifukwa choiwala zimenezi. Amangoyang'ana awiri awo, osafunsa kuti makadi a pakatiwo akuthandiza ndani winanso.

Masewerawa anachokera ku Texas, m'dziko la America, ndipo anatchuka kudzera mu mpikisano wa World Series of Poker umene unayamba ku Las Vegas mu 1970. Mu 2003 Chris Moneymaker, amene anapeza mwayi wolowa mpikisanowo atasewera pa intaneti, anapambana madola 2.5 miliyoni, ndipo kuyambira pamenepo anthu wamba ambiri anayamba kuphunzira. Kuno kwathu juga ya ndalama ili ndi malamulo ake, imayang'aniridwa ndi bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority (MAGLA), ndipo osakwana zaka 18 saloledwa. Malangizo ano ndi a masewera a pakhomo, obetchera machesi, oti muthe nawo madzulo ozizira a June ndi July kaya ku Chibavi, ku Katoto kapena ku Luwinga mumzinda wa Mzuzu.

Zoti mukonze

Paketi imodzi ya makadi 52. Chotsani majoka, sagwira ntchito. Werengani makadiwo musanayambe: mtima 13, dayamondi 13, sipedi 13, kilabu 13. Mukapeza khadi lopindika pakona kapena lothimbirira kumsana, paketiyo yatha ntchito pa poker, chifukwa amene walizindikira adziwa chimene mnzake wabisa. Makadi a pepala amamatana kukakhala kamvula kowaza ka ku Mzuzu kuno, ndiye wogawa amapereka awiri m'malo mwa limodzi. Apulasitiki savuta chotero. Yalani chitenje patebulo kuti khadi lizinyamulika osachita kulikanda ndi chikhadabo.

Anthu akhoza kukhala kuyambira awiri mpaka 10, koma asanu kapena 6 ndiye zimakoma, munthu sadikira nthawi yaitali.

Zobetchera: kamtengo ka machesi kakhale 1, chotsekera botolo chikhale 5. Aliyense alandire timitengo 20 ndi zotsekera 16, zonse pamodzi 100. Nyemba n'zosavuta kupeza koma zimagubuduzika n'kulowa mumulu wa mnzanu. Zobetchera za munthu aliyense zizikhala poyera kutsogolo kwake, osati m'thumba, popeza mnzanu ali ndi ufulu wodziwa kuti mwatsala ndi zingati asanaganize zochita.

Chomaliza ndi batani. Kanthu kalikonse kooneka bwino kakhoza kugwira ntchitoyi, ngakhale batani lenileni la jasi. Limaikidwa kutsogolo kwa wogawa, ndipo ulendo uliwonse ukatha limasuntha mpando umodzi kupita kumanzere. Ngati pali munthu mmodzi amene akugawira onse usiku wonse, batani liziyendabe, chifukwa ndi limene limanena woyamba kulankhula ndi womaliza.

Kukula kwa makadi

Khadi lalikulu ndi A, kenaka K, Q, J, 10, kutsika mpaka 2. Mitundu inayi ija n'chimodzimodzi, sipedi saposa mtima. Magulu a makadi asanu, kuyambira lamphamvu kwambiri, ali motere:

1. Royal flush: A, K, Q, J, 10 a mtundu umodzi.
2. Straight flush: asanu otsatizana a mtundu umodzi, monga 9, 8, 7, 6, 5 onse a kilabu.
3. Anayi ofanana, monga ma 8 anayi.
4. Full house: atatu ofanana ndi awiri ofanana, monga Q, Q, Q, 4, 4.
5. Flush: asanu a mtundu umodzi, osatsatizana.
6. Straight: asanu otsatizana, mitundu yosakanikirana.
7. Atatu ofanana.
8. Mapeya awiri.
9. Peya imodzi.
10. Palibe chogwirizana, ndiye pamayang'anidwa khadi lalikulu.

Lembani mndandandawu papepala, muuike patebulo masiku oyamba. Pamene anthu amasokonezeka kawirikawiri ndi pakatipa: flush imaposa straight, ndipo full house imaposa zonse ziwirizo. Mu straight, A akhoza kukhala pamwamba, A-K-Q-J-10, kapena pansi, 5-4-3-2-A, imene ndi straight yaing'ono pa zonse. Koma sazungulira. Q-K-A-2-3 si kanthu.

Ulendo umodzi, kuyambira pogawa mpaka potenga poto

Choyamba ndi ma blind. Asanaone khadi lililonse, amene wakhala kumanzere kwa batani amaika blind yaing'ono, tinene 1, ndipo wotsatira amaika blind yaikulu, 2. Izi n'zokakamiza. Popanda ma blind aliyense akanangokhala n'kumadikira ma A awiri, m'poto mulibe chomenyera.

Wogawa asakanize makadi, apereke kwa wa kumanja kwake kuti adule, kenaka agawe limodzilimodzi chafufumimba, kuyambira kwa wa blind yaing'ono, kuzungulira kawiri. Iye mwini amalandira pomaliza. Poona makadi anu, asiyeni patebulo, phimbani ndi dzanja, tukulani makona okha. Mukawanyamula kufika nawo kumaso, oyandikana nanu awaona ngakhale asakufuna.

Ndime yoyamba yobetcha imayamba ndi amene ali kumanzere kwa blind yaikulu. Ali ndi zosankha zitatu. Akhoza kunena fold, n'kukankhira makadi ake kwa wogawa chafufumimba, watuluka pa ulendowu. Akhoza kunena call, n'kuika 2 kufanana ndi blind yaikulu. Kapena anene raise, n'kukweza. Mawu amayenda kumanzere mpaka kufika kwa a ma blind. Wa blind yaing'ono akafuna kukhalabe amangowonjezera pa 1 wake uja. Wa blind yaikulu, ngati palibe wakweza, ali ndi mwayi wonena check, osawonjezera kanthu, kapena kukweza yekha. Wogawa asathamangire kuyala makadi munthuyu asanalankhule. Ndime imatha pamene onse otsala aika zofanana ndipo aliyense walankhulapo. Apo wogawa amasonkhanitsa zonse n'kuziunjika pakati.

Kenaka flop. Wogawa amachotsa khadi lapamwamba n'kuliika pambali osalionetsa, kenaka amayala atatu chagada. Khadi lochotsalo lili ndi ntchito: ngati wina analizindikira kumsana pamene ankabetcha, sapindula nalo. Kuyambira pano woyamba kulankhula ndi munthu woyamba wotsala kumanzere kwa batani, ndipo wa batani ndiye womaliza. Poti palibe amene wabetcha kale, woyambayo akhoza kunena check, kapena kungogogoda patebulo, n'kupatsira mnzake. Wina akangobetcha, check yatha, otsatira asankhe fold, call kapena raise, ndipo amene ananena check poyamba mawu amawabwereranso.

Turn ndi khadi lachinayi. Wogawa achotsenso limodzi, ayale limodzi, anthu abetche monga pa flop. River ndi lachisanu komanso lomaliza, kachitidwe kake n'komweko. Ndime zobetcha zonse pamodzi ndi zinayi, makadi ochotsedwa ndi atatu.

Nthawi ina iliyonse mukabetcha anthu onse n'kutaya makadi, poto ndi wanu pompo, ndipo simukakamizidwa kuonetsa chimene munali nacho. Maulendo ambiri amatha chonchi. Pakatsala awiri kapena kuposa pambuyo pa river, makadi amaonetsedwa. Amene anabetcha kapena kukweza komaliza ndiye amayamba kuvundukula. Ngati onse ananena check, amayamba woyamba kumanzere kwa batani. Wofuna poto aonetse makadi ake onse awiri. Amene waona kuti wagonja akhoza kutaya osaonetsa, koma wophunzira kumene azingovundukula, chifukwa chimene chimawerengedwa ndi makadi, osati zonena za pakamwa. Mukhoza kunena kuti muli ndi peya pamene muli ndi straight osaiona, ndipo makadi akakhala chagada tebulo lonse likuonerani.

Malamulo a kubetcha amene amabweretsa mikangano

Mtundu wofala ndi wopanda malire: mukhoza kubetcha zonse zimene zili kutsogolo kwanu nthawi ina iliyonse. Koma pansi pali malire. Kubetcha kochepetsetsa ndi blind yaikulu. Pokweza, chowonjezeracho chisachepere chimene wakutsogolo anawonjezera. Blind yaikulu ikakhala 2, kukweza kochepetsetsa ndi kufika pa 4. Wina akakweza kufika pa 6, wawonjezera 4, ndiye wofuna kukwezanso afike pa 10 kapena kuposa.

Lankhulani kaye, machesi pambuyo. Mukati "call" mwamangika, simungasinthe. Ndipo n'koletsedwa kuika machesi pang'ono, kuyang'ana nkhope ya mnzanu, n'kubwerera kukatenga ena. Nenani "ndakweza kufika pa 15", kenaka werengani mosathamanga. Mukaponya chotsekera chimodzi cha 5 osalankhula pamene pabetchedwa 2, imeneyo ndi call, mulandira chenje cha 3. Machesi anu muziwaika kutsogolo kwanu, osawaponya mumulu wa pakati, kuti onse aone kuti akwanadi.

Dikirani nthawi yanu. Kutaya makadi nthawi yanu isanakwane kumaoneka ngati kopanda vuto, koma kumauza amene akuganizayo kuti kumbuyo kwake kwachepa munthu mmodzi. Wogawa ndiye aziyendetsa: "Achimwene, ndi inu." "Asisi, pabetchedwa 12." Amene wataya makadi akhale chete mpaka ulendo utatha. Kufuula kuti "ine ndinataya 9!" pamene pakati pagwa ma 9 awiri kumasintha masewera a otsalawo, chifukwa onse adziwa kuti 9 watsala mmodzi yekha.

Simungatulutse zobetchera zina m'thumba ulendo uli mkati. Mumasewera ndi zimene munayamba nazo, ndipo apa ndi pamene pamabwera all-in. Munthu akabetcheredwa zoposa zimene ali nazo sathamangitsidwa. Amaika zake zonse n'kupitirira mpaka kumapeto, koma kwa mnzake aliyense angadye zofanana ndi zimene iye waika basi. Tinene kuti woyamba watsala ndi 15 ndipo waika zonse, ena awiri aika 40 aliyense. Wogawa atenge 15 kwa aliyense wa atatuwo, apange poto wamkulu wa 45 amene onse atatu akumenyera. Zotsala, 25 ndi 25, zipange poto wapambali wa 50 wa awiri okhawo. Kubetcha kulikonse kotsatira kumapita m'poto wapambali. Pamapeto yambani kugamula wapambali, kenaka wamkulu. Wa 15 uja ngakhale atakhala ndi makadi oposa onse atenga 45 yekha. Gawani mapotowa nthawi yomweyo musanayale khadi lina, mukadikira kumapeto palibe amene adzakumbukire kuti anaika zingati.

Kuwerenga makadi a pakati

Apa ndi pofunika kukhalitsapo, chifukwa mapoto ambiri a pakhomo amapita kwa munthu wolakwika pa nkhani imeneyi. Lamulo ndi loti amawerengedwa makadi asanu, osati anayi, osati 6. Mukhoza kugwiritsa ntchito anu onse awiri, limodzi, kapena osagwiritsa ntchito lililonse.

Wina ali ndi A-K, wina A-7. Pakati pali A, J, 8, 4, 3. Onse ali ndi peya ya A. Woyamba asanu ake ndi A, A, K, J, 8. Wachiwiri ndi A, A, J, 8, 7. K waposa J, woyamba wapambana. Khadi loperekeza ngati K ameneyu limatchedwa kicker, ndipo ndi chifukwa chake A wokhala ndi kakhadi kakang'ono ndi msampha: A akagwa pakati mumasangalala, mumabetcha, kumapeto mukupeza kuti mnzanu ali ndi A yemweyo ndi woperekeza wamkulu.

Tsopano wina ali ndi A-7, wina A-4, pakati pali A, K, Q, J, 2. Wa 7 asatambasule manja. Asanu a onse awiri ndi A, A, K, Q, J. 7 ndi khadi la nambala 6, silikuwerengedwa. Poto agawane pakati, ndipo pakatsala kamtengo kamodzi kosagawika kapite kwa amene ali pafupi ndi batani kumanzere. Ngati pali wachitatu amene wagwira 10, onse awiriwo agonja, popeza iye ali ndi straight.

China chowawa: muli ndi 7-7, mnzanu A-2, pakati pagwa K, K, Q, Q, 3. Mapeya atatu kulibe. Anu asanu ndi K, K, Q, Q, 7, ake ndi K, K, Q, Q, A. Peya yanu yafera m'manja ndipo iye wapambana.

Pa ma flush awiri pamayang'anidwa khadi lalikulu, likafanana lotsatira, mpaka lachisanu. Pakati pakakhala mitima inayi, aliyense wogwira mtima umodzi ali ndi flush, ndiye wanu wa 3 sali patali ndi kugonja. Pa ma full house awiri pamayang'anidwa atatu ofananawo kaye: 9-9-9-2-2 imaposa 8-8-8-A-A.

Khadi lililonse likagwa, musanayang'anenso anu, dzifunseni zinthu zitatu. Kodi pali atatu a mtundu umodzi? Ngati palibe, flush kulibe. Kodi pali peya pakati? Ngati palibe, full house ndi anayi ofanana kulibe. Kodi pali atatu oyandikana moti awiri a m'manja angatseke mipata, monga 9, 8, 6? Ngati alipo, straight ndi yotheka. Mukatero mudziwa kuti gulu lalikulu lotheka pa ulendowo ndi liti, komanso kuti lanu latalikirana nalo bwanji.

Ulendo wachitsanzo

Anthu asanu, aliyense 100, ma blind 1 ndi 2. Woyamba kulankhula wataya. Wachiwiri ali ndi A wa dayamondi ndi K wa kilabu, wakweza kufika pa 6. Wa batani ali ndi Q ndi J onse a mtima, waika 6. Wa blind yaing'ono wataya, 1 wake watsala pakati. Wa blind yaikulu wawonjezera 4. M'poto muli 19.

Flop: K wa mtima, 9 wa mtima, 4 wa kilabu. Wa blind yaikulu wagogoda. Wa A-K ali ndi peya yapamwamba ndi kicker wamkulu, wabetcha 12. Wa batani alibe kanthu pakali pano, koma ali ndi mitima inayi, komanso K, Q, J, 9 zikungosowa 10. Waika 12. Wa blind yaikulu wataya. M'poto muli 43.

Turn: 2 wa sipedi. Wa A-K wabetcha 20, m'poto mwafika 63. Tsopano wa batani awerenge makadi amene angamupulumutse. Mitima ilipo 13, iye akuona inayi, yatsala 9. Ma 10 alipo anayi, koma wa mtima wawerengedwa kale, ndiye atatu. Onse pamodzi 12. Makadi amene sanawaone ndi 46. 12 pa 46 ndi pafupifupi 26 pa 100. Mtengo wake nanga? Akulipira 20 kuti m'poto mufike 83, ndipo 20 pa 83 ndi pafupifupi 24 pa 100. Mwayi waposa mtengo, ngakhale pang'ono, call ndi yoyenera. Wa A-K akanabetcha 40, mtengo ukanafika pafupifupi 33 pa 100 ndipo masamu akanati taya. Apa pali phunziro kwa wa A-K yemwe: pakati pakakhala awiri a mtundu umodzi, kubetcha pang'ono n'kugulitsa khadi lotsatira motchipa.

River: 10 wa kilabu. Wa A-K wagogoda, wa batani wabetcha 30, mnzake waika 30. M'poto muli 143. Wa batani ndiye anabetcha komaliza, avundukule: K, Q, J, 10, 9, straight. Peya ya K yagonja. Akanagwa 10 wa mtima ikanakhala straight flush, chinthu chimene ena amasewera zaka osachigwira.

Kuwerengera kwachidule patebulo n'kotere: kuti mupeze mwayi wanu pa 100, makadi okupulumutsani muchulukitse ndi 2 ngati kwatsala khadi limodzi, ndi 4 ngati kwatsala awiri ndipo simudzalipiranso. Wodikira flush ali ndi 9, mwayi wake ndi pafupifupi 35 pa 100 kuchokera pa flop mpaka river, koma 19 pa 100 pa khadi limodzi. Wodikira straight yotseguka mbali zonse, monga 8-7-6-5, ali ndi 8. Wosowa khadi la pakati, monga 9-8-6-5, ali ndi anayi okha, ndipo kulipira zambiri pofuna limenelo n'kutaya machesi.

Makadi oyambira ndi mpando

Cholakwa chachikulu cha ophunzira n'kulowa ulendo uliwonse pofuna "kungoona flop". Makadi awiri osafanana amapeza peya pa flop pafupifupi kamodzi pa katatu. Kawiri kotsalako mwalipira pachabe. Awiri a mtundu umodzi amaoneka okongola, koma amafika pa flush pafupifupi maulendo 6 okha pa 100. Peya ya m'manja imabwera kamodzi pa maulendo 17, A-A kamodzi pa 221, ndipo peya yaing'ono imapeza wachitatu pa flop pafupifupi 12 pa 100. Ikapanda kumupeza, pakati n'kukhala makadi akuluakulu, isiyeni.

Mukakhala woyamba kapena wachiwiri kulankhula, sewerani zolimba zokha: mapeya kuyambira 9-9 kukwera, A-K, A-Q. Pa batani ndi mpando wa kumanja kwake mukhoza kuwonjezera mapeya ang'onoang'ono, A-J, K-Q, K-J, ndi otsatizana a mtundu umodzi monga 10-9. Kusiyanaku kukuchokera poti wa batani amalankhula pomaliza pa flop, turn ndi river, ataona kale amene wagogoda ndi amene wabetcha. Makadi omwewo amene ndi otaya kutsogolo amakhala osewereka pa batani.

Mukalowa, lowani mokweza, katatu ka blind yaikulu, ndipo onjezerani blind imodzi pa munthu aliyense amene waika kale call. A-A yolowa mwakachetechete ndi 2 imakumana ndi anthu asanu pa flop, ndipo mmodzi wa iwo amapeza mapeya awiri ndi 9-4. Pambuyo pa flop, kubetcha kwabwino ndi pakati pa theka la poto ndi magawo awiri mwa atatu. Kubetcha 2 m'poto wa 40 sikuthamangitsa aliyense.

Za kuopseza anzanu ndi makadi opanda pake, zimene anthu amaziona m'mafilimu, musazithamangire. Zimagwira pa munthu mmodzi kapena awiri amene amadziwa kutaya. Patebulo la anthu obetchera machesi, amene amaika call kuti angoona, woopseza ndiye amayamba kutha. Kumeneko njira ndi yosavuta: mukagwira zabwino betchani, adzakulipirani.

Wogawa akalakwitsa

Khadi loyamba kapena lachiwiri likavundukuka pogawa, sonkhanitsani onse mugawenso. Likavundukuka lina limodzi patsogolo, pitirizani kugawa mpaka kumaliza, kenaka mwini wake apatsidwe lapamwamba pa paketi. Lovundukukalo lionetsedwe kwa onse ndipo likhale khadi lochotsa la flop. Akavundukuka awiri, gawaninso. Wogawa akayala turn kapena river anthu asanamalize kubetcha, khadilo silikhala: malizani kubetcha, libwezereni m'makadi otsala m'manja mwa wogawa, sakanizani amenewo okha, muyale lina. Makadi otayidwa aziunjikidwa padera ndipo asakhudzidwe. Anu akasakanikirana nawo afa, n'chifukwa chake osewera ozolowera amatsamiritsa chotsekera pamwamba pa makadi awo.

Kuti masewera akhale ndi mathero, gwirizanani kuti ma blind azikwera mphindi 20 zilizonse: 1 ndi 2, 2 ndi 4, 3 ndi 6, 5 ndi 10, 10 ndi 20. Amene machesi amuthera watuluka, ndipo akhoza kukhala wogawira otsalawo. Pakatsala anthu awiri dongosolo limatembenuka: wa batani ndiye amaika blind yaing'ono, amayamba kulankhula flop isanagwe, koma pa ndime zitatu zotsatira amalankhula pomaliza.

Mukazolowera, yesani Omaha. Ma blind, flop, turn ndi river n'chimodzimodzi, koma aliyense amalandira makadi anayi, ndipo ayenera kugwiritsa ntchito awiri enieni a m'manja ndi atatu enieni a pakati. Pakati pakakhala mitima inayi inu muli ndi A wa mtima yekha, mu Hold'em muli ndi flush yaikulu, mu Omaha mulibe flush. Nenani lamuloli mokweza musanagawe ulendo woyamba, ndipo poonetsa makadi aliyense azikankhira kutsogolo awiri amene akuwagwiritsa ntchito.